Matenda Akumtundu Si Mlandu wa Agogo

M'midzi yathu ya ku Machinga ndi ku Balaka, mnyamata akadzuka m'mawa miyendo itafookeratu, kenaka dzuwa likamapendeka nkuyamba kuyenda ngati palibe chachitika, chigamulo chimakhala chaperekedwa kale: amukwera usiku. Ndipo chala chimaloza agogo, makamaka ngati amalume ake nawonso ankadwala chimodzimodzi.

Ife tikuti kubwerezabwereza kumeneko m'banja ndi umboni wa chibadwa, osati wa ufiti. Minofu yathu ili ndi timakomo ting'onoting'ono todutsira mchere wa m'thupi monga sodium, calcium ndi chloride. Timakomoti tikabadwa topunduka, mnofu umakana kumvera. Pa nthenda ina yotchedwa hypokalemic periodic paralysis, potassium amatsika m'magazi ndipo munthu amagwa ulesi wosadzifunira, kawirikawiri atapumula pambuyo pa ntchito yakalavulagaga kapena atadya chakudya chambiri chokhutitsa. Taganizirani: tsiku lonse kumunda, madzulo nsima yambiri, m'mawa osadzuka. Nanga nthano ya afiti ingalephere bwanji kumera pamenepo? Kholo likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi mpata umodzi mwa iwiri woitengera.

Palinso ina youmitsa minofu, moti wodwala akagwira dzanja la mnzake amachedwa kulisiya. Dokotala wa ku Denmark, Julius Thomsen, anailongosola mu 1876; iye mwini ndi abale ake ambiri anali nayo.

Matendawa ndi osowa, ndipo si kufooka kulikonse kumene kuli kwakumtundu. Tisaiwale kuti poliyo anapezekanso ku Lilongwe mu 2022. Ndiye mwana akafooka miyendo mwadzidzidzi, tithamange naye kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka tsiku lomwelo, ndipo tikafotokoze mbiri yonse ya pamtundu: ndani ankadwala, zinkayamba nthawi yanji, anali atadya chiyani. Mbiri imene timabisa chifukwa cha manyazi ndi imene dokotala akuifuna kuti aganize zoyeza magazi kapena kutitumiza ku Zomba.

Lamulo la dziko lathu la 1911 limaletsa kunamizira munthu ufiti. M'mutu 9 wa Uthenga Wabwino wa Yohane, Ambuye anakana kuimba mlandu munthu wobadwa wosaona pamodzi ndi makolo ake. Komabe agogo amene timawanong'oneza ndi omwewo timakhala nawo pamphasa imodzi ku Mphakati, nkumalandira nawo Ukaristia Lamulungu.