KACHILUMBA KA TROMELIN NDI MBALAME ZAKE

Mwezi uno tiyeni tipenye kum'maŵa, kuseri kwa chilumba chachikulu cha Madagascar. Kumeneko, pamtunda wa makilomita pafupifupi 450 m'kati mwa nyanja ya Indian, kuli kachilumba kotchedwa Tromelin. M'litali mwake ndi mamita 1,700, m'lifupi mamita 700, ndipo pamene pali pokwera koposa ndi mamita 7 okha pamwamba pa madzi. Kulibe mtsinje, kulibe mtengo wamthunzi, koma mchenga, miyala ndi zitsamba. Namondwe akadza, palibe pobisala.

Munthu angayese malo otere ngachabe. Komatu akamba aakulu a m'nyanja amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga wake, ndipo mbalame zodya nsomba zimaswera pomwepo.

M'chaka cha 1761 chombo cha Afalansa chotchedwa L'Utile chinasweka pamiyala ya kachilumbaka chitanyamula akapolo ochokera ku Madagascar. Amalinyero anakhoma ngalaŵa ndi matabwa otsala, nachoka, nasiya akapolo osachepera 60 ndi lonjezo lakuti adzabwera kudzaŵatenga. Panapita zaka 15. Anthuwo anali kudya mbalame, mazira ndi akamba, namwa madzi a m'chitsime chokumba pamchenga, namanga nyumba zamiyala. Pamene chombo china chinafika mu 1776, chinapeza amayi 7 ndi khanda la miyezi 8 ali moyo. Kachilumbaka kanatenga dzina la mkulu wa chombocho.

Mbalame zimene zinasunga amayi aja zinadzaona tsoka lawo nazonso. Makoswe obwera ndi zombo anaswana, nayamba kudya mazira ndi anapiye. Popeza kulibe mitengo yaitali, zisa zinali pansi kapena pazitsamba, posavuta kufikapo. Pofika 2005 kunatsala mitundu iŵiri yokha yoswera kumeneko. Chaka chomwecho Afalansa, amene amayang'anira kachilumbaka, anathira mankhwala napha makoswe onse. Kuyambira pamenepo mbalame zachuluka, ndipo mitundu ina imene inathaŵa kalekale yabwerera yokha popanda woiitana.

Taonani, abale, mbalamezi sizinafune kuti munthu azidyetse kapena kuzimangira zisa. Zinangofuna kuti choipa chimene munthu anabwera nacho achichotse yekha. Makolo ndi aphunzitsi, posimbira ana nkhaniyi musaiŵale kuŵauza kuti zinali mbalame zomwezi zimene zinadyetsa anthu otayidwa ndi anzawo.