Mbiri ya Ntchisi siikwana popanda Likoma

Ndinakulira ku Kayoyo m'boma la Ntchisi, m'banja la mpingo wa Anglican. Nditapita kusekondale ku Dowa, anzanga a CCAP ankandiseka ndikamapemphera. Ankati mawu ena amene ndinaphunzira kwa agogo si Chichewa chenicheni. Ndinachita manyazi n'kuwasiya mawuwo. Lero ndikuona kuti ndinalakwa, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Chikhristu chinafika kumapiri athu kudzera njira ziwiri. Ku Dowa, Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889. Chichewa cha anzangawo ndi cha Buku Lopatulika, limene linamalizidwa mu 1922. Koma Chikhristu cha agogo chinachokera pachilumba. Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, anawolokera ku Nkhotakota mu 1894, ndipo kuchokera kumeneko mpingo unakwera mapiri a Ntchisi. Unabwera ndi Chinyanja cha kunyanja, chimene William Percival Johnson anamasuliramo Baibulo mu 1912. Mawu amene ndinawataya aja anawoloka nyanja.

Zoterezi zinachitikanso kwina kalekale. Mu 563 Columba wa ku Ireland anamanga nyumba ya amonke pachilumba cha Iona. Mu 635 Aidan anachoka pa Iona kukaphunzitsa ku Northumbria, kumpoto kwa England. Popeza Aidan sankadziwa bwino chiyankhulo cha kumeneko, Mfumu Oswald, imene inakhalapo pakati pa anthu a mtundu wa Aidan, ndiyo inkamutanthauzira. Wofuna kumvetsa Chikhristu cha Northumbria ayenera kuyambira ku Iona ndi ku Ireland. Nanga bwanji ife timafotokoza za Ntchisi osatchula Likoma?

Ena anganene kuti Likoma ili m'chigawo cha kumpoto, ndipo chiyambire 1995 ili m'dayosizi ina. Zimenezi n'zoona, koma malirewo ndi adzulodzuloli. Leonard Kamungu, mwana wa ku Chia amene anadzozedwa unsembe mu 1909, anakalalikira mpaka ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia. Kwa anthu a nthawi yake nyanja inali msewu.

Enanso anganene kuti chiyankhulo chimafunika kalembedwe kamodzi. Ndikuvomereza, koma kugwirizana pakalembedwe sikutanthauza kukwirira mawu a anzathu.

Choncho ndikupempha aphunzitsi ndi ophunzira anzanga m'dipatimenti yathu kuti tipite ku Ntchisi ndi ku Dowa tikajambule mapemphero a okalamba, tikafufuze mabuku akale chiswe chisanawamalize, kenaka tikayerekeze ndi a ku Likoma. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Agogo anga anatisiya ndisanawafunse kanthu, koma anzawo ena akadalipo. Tiwapitire msanga.