Kusiya nsima: mutu ukayamba kupweteka, tisanamizane

Semesita ino mbale zambiri zikubwerera kukhitchini nsima ili chikhalire. Kwabwera fasho yosiya zakudya zonse za sitachi ndi shuga pofuna kuchepetsa thupi msanga, ena akuitchula keto, ena Banting. Nsima, mpunga, buledi, mbatata, chinangwa, ngakhale nthochi, zonse zasanduka adani. Oyamba kumene amadutsa njira yofanana. Masiku awiri oyamba amakhala ndi changu, koma pofika lachitatu mutu wagwira, akadzuka pampando amamva chizungulire, m'kamwa mukutuluka kafungo kachilendo, m'mimba mwauma, usiku miyendo ikukokana, ndipo m'kalasi amangoyang'ana pabolodi osatolapo kanthu. Akadandaula, amene anawakopa aja amawayankha kuti: “Pirira, ndi poizoni akutuluka m'thupi.”

Yankho limeneli ndi lomwe landilembetsa. Munthu ali ndi ufulu wosankha chomwe adye, ndipo ine sindikufuna kulondera mbale ya wina. Koma palibe poizoni amene akutuluka, ndipo kuphunzitsa mnzako kuti azinyadira kudwala n'kumuika pachiswe, makamaka m'dziko ngati lathu momwe kupweteka kwa mutu ndi kufooka kumatha kukhala chiyambi cha matenda akupha.

Zomwe zimachitika m'thupi n'zosavuta kumva, ndipo ambiri tinazikhudzako m'phunziro la Biology kusekondale. Tikadya nsima, thupi limaigaya n'kuisandutsa shuga wotchedwa glucose. Wina amagwira ntchito nthawi yomweyo, wina amasungidwa m'chiwindi ndi m'minofu ngati glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono: mwa munthu wamkulu imakwana pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa pamodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Malamulo a keto amati munthu asapyole magalamu 50 a sitachi ndi shuga patsiku, pomwe mtanda umodzi wa nsima wabwinobwino ukhoza kudutsa kale pamenepo. Ndiye ukasiya mwadzidzidzi, thupi limatsegula nkhokwe ija, ndipo madzi omwe anali nayo amapita ndi mkodzo. Nthawi yomweyo insulin imatsika m'magazi, zomwe zimachititsa impso kutaya mchere wambiri, ndipo mchere ukamatuluka umakoka madzi ena. Mutu, chizungulire, kukokana kwa minofu ndi kuthamanga kwa mtima, mbali yaikulu zimachokera pamenepo. Munthu akuuma.

Ubongo nawo umakhala pa mavuto akeake. Ndi kachiwalo kolemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena kucheperako, koma kamadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zomwe thupi limagwiritsa ntchito munthu akangokhala, ndipo kanazolowera magalamu ngati 120 a glucose patsiku. Glucose akachepa, chiwindi chimayamba kuphwanya mafuta n'kupanga ma ketone kuti ubongo uzidya, koma kusinthako kumatenga masiku angapo. M'masiku amenewo ndi momwe munthu amawerenga ndime imodzi kanayi osaimva. Kafungo ka m'kamwa kaja ndi ka acetone, mtundu umodzi wa ma ketone omwewo, yemwe amapezekanso m'mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Kudzimbidwa kumabwera chifukwa nyemba, zipatso ndi mgaiwa, zomwe zimathandiza m'mimba kuyenda, zachoka m'mbale. Achingerezi zonsezi anazipatsa dzina loti keto flu, ngakhale palibe kachilombo ka chimfine komwe kamakhalapo. Kwa ambiri zimatha pakadutsa sabata imodzi kapena awiri.

Chomwe chimawalimbitsa mtima anzathuwa ndi sikelo. Sabata yoyamba makilogalamu awiri apita, ndiye ndani angawauze kanthu? Tiyeni tichite masamu. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga ma calorie pafupifupi 7,700. Mtsikana wa msinkhu wathu amagwiritsa ntchito ma calorie ngati 2,000 patsiku. Ndiye kuti ngakhale atakhala masiku atatu osalawa kanthu, sangathe kuwotcha kilogalamu yathunthu ya mafuta. Makilogalamu awiri a sabata yoyamba aja, ambiri mwa iwo ndi glycogen ndi madzi ake. Tsiku lomwe adzadye mpunga wa paukwati, nkhokwe idzadzadzanso, madzi adzabwerera, sikelo idzakwera, ndipo iye adzadziimba mlandu woti alibe kudziletsa pomwe thupi langochita ntchito yake.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa malungo. Malangizo a keto omwe akuyenda m'mafoni mwathu analembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya, komwe mutu ukapweteka palibe amaganiza za udzudzu. Kuno, kupweteka kwa mutu, kuphwanya kwa thupi, nseru ndi kufooka ndi momwe malungo amayambira. Munthu amene wauzidwa kale kuti ayembekezere zizindikiro zimenezi ndi kuzipirira, adzagona m'hositeli masiku atatu akuganiza kuti zikuyenda bwino, pomwe tizilombo tikuswana m'magazi. Malungo a mtundu wa falciparum, omwe ndi ofala kwathu kuno, sachedwa kukula akapanda kuthandizidwa. Kusiya sitachi sikutenthetsa thupi ndipo sikubweretsa tsemwe. Thupi likatentha, kapena ukamanjenjemera, kapena ukamasanza osaleka, nkhani ya zakudya iikidwe pambali, upite kuchipatala. Kuyeza malungo ndi kadontho ka magazi pachala ndi kudikira mphindi zosapitirira 20. Chizungulire nachonso, kwa atsikana ambiri, chimakhala chizindikiro cha kuchepa kwa magazi, ndipo chimenecho sichitha ndi kupirira.

Pali anthu ena omwe sayenera kuyesa n'komwe popanda dokotala. Amene ali ndi matenda a shuga ndipo amabaya insulin kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide, shuga wawo akhoza kutsikiratu mpaka kukomoka ngati asiya sitachi koma mankhwala akumwa mlingo womwewo. Amene amamwa mankhwala a BP, makamaka okodzetsa, akhoza kuuma kawiri. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso odwala impso kapena chiwindi, ali m'gulu lomweli. Ndikutchula zimenezi chifukwa malangizowa sathera pa sukulu pano. Patchuthi timapita nawo kunyumba, ndipo amayi athu kapena azakhali athu amatimvera chifukwa ndife a kukoleji. Palinso langizo lomwe limayenda limodzi ndi keto loti mutu ukapweteka umwe madzi a mchere. Kwa wachinyamata wathanzi mwina lingathandize pang'ono, poti mchere ndi womwe wataya. Koma bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kumwetsa madzi a mchere mayi yemwe ali ndi BP ndi kusewera ndi moyo wake.

Kadyedwe kameneka si katsopano. Dzina loti Banting ndi la William Banting, mkulu wina wa ku London yemwe ntchito yake inali yokonza maliro, ndipo mu 1863 anasindikiza kabuku kofotokoza momwe anachepetsera thupi posiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Keto yeniyeni inayambira m'chipatala: mu 1921 Dr. Russell Wilder wa ku Mayo Clinic ku America anaikonza ngati chithandizo cha matenda a khunyu, ndipo mpaka lero ana ena omwe mankhwala akuwakanika amathandizidwa nayo, madokotala akuwayang'anira ndi kuwayeza magazi. Robert Atkins anaitchukitsa kwa ofuna kuonda ndi buku lake la mu 1972, ndipo m'chigawo chathu chino inafala kwambiri kuchokera ku South Africa, Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake atatulutsa buku lawo mu 2013. Chinthu chomwe chinayamba ngati mankhwala ife tikuchiyamba Lolemba m'mawa chifukwa taona chithunzi pa WhatsApp.

Wina anganene kuti: nanga si zimagwira ntchito? Zimagwira, ndipo sindikana. Anthu ambiri achepetsa thupi motere, ndipo odwala shuga ena, motsogozedwa ndi madokotala awo, apindula pochepetsa sitachi. Sindikananso kuti kunenepa kwambiri ndi vuto lenileni. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi asanu aliwonse a m'Malawi a zaka 15 mpaka 49, mmodzi ndi wonenepa kupyola muyeso, ndipo m'tauni chiwerengero n'chokwera kuposa kumudzi. Funso langa ndi lakuti kodi kuzunzika kwa masabata awiri kuja kukugula chiyani chomwe njira zina sizingapereke? Akatswiri a pa yunivesite ya Stanford, motsogozedwa ndi Christopher Gardner, anatsatira anthu 609 kwa chaka chathunthu, ena akuchepetsa sitachi, ena akuchepetsa mafuta, onse akulimbikitsidwa kudya masamba ambiri ndi kupewa shuga. Zotsatira zinatuluka mu 2018: ochepetsa sitachi anataya makilogalamu 6, ochepetsa mafuta makilogalamu 5.3, kusiyana komwe ofufuzawo anati n'kosawerengeka. M'gulu lililonse munali ena omwe anataya kwambiri ndi ena omwe ananenepa kumene.

Ndiye tiyang'ane mbale yathu. Keto ya m'zithunzi zija ili ndi nyama, nsomba, mazira, tchizi, mapeyala ndi mafuta a olive. Wophunzira amene akudikira kuti makolo amutumizire ya sopo pa Airtel Money kapena Mpamba angakwanitse zimenezo tsiku lililonse? Kukafeteriya ukachotsa nsima ndi mpunga, chotsala ndi nyemba, soya pieces ndi kabichi. Nyembazo keto imaziletsanso, chifukwa kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi sitachi wokwana magalamu pafupifupi 40. Chomwe anzathu ambiri akuchita pano, kunena mosapsatira, ndi njala yokhala ndi dzina lachingerezi: kabichi masana, dzira limodzi ndi kapaketi ka mtedza madzulo. Ndi chifukwa chake ena kudwala kwawo sikukutha pa sabata ziwiri zomwe analonjezedwa.

Chimandidabwitsa n'chakuti ife a mpingo uno tili ndi umboni wathuwathu womwe sitiugwiritsa ntchito. Yunivesite ya Loma Linda ku California yakhala ikutsatira Aadiventi pafupifupi 96,000 a ku America ndi Canada kuyambira mu 2002. Pa zomwe anasindikiza mu 2009, anthu osadya chilichonse chochokera ku nyama ndi omwe anali ndi matupi opepuka kwambiri, BMI yawo ili pa 23.6, pomwe odya nyama anali pa 28.8, ndipo matenda a shuga anali ochepa mwa osadya nyamawo. Anthu amenewo amadya nyemba, tirigu wosakonola, zipatso, mtedza ndi masamba, zakudya zomwe zambiri mwa izo keto imazithamangitsa. Aja ndi anthu a dziko lina, ndipo kafukufuku wotere sangatsimikize kuti chakudya chokha ndiye chachititsa zonse. Komabe akuonetsa kuti sitachi payekha si amene amanenepetsa munthu. Agogo athu adya mgaiwa ndi mbatata moyo wawo wonse ali ndi matupi olimba, chifukwa ankalima, ankayenda, ndipo tiyi wa masupuni anayi a shuga sankamudziwa.

Ndikanakhala wopereka malangizo kwa mnzanga wofuna kuchepetsa thupi, ndikanayambira kutakishopu, osati kukafeteriya. Botolo la 300ml la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana timasupuni 7 kapena 8. Onjezanipo mandasi a 10 koloko, tchipisi cha pachiwaya madzulo ndi mabisiketi a powerenga usiku. Kusiya zimenezo sikudwalitsa munthu, ndipo kumasungitsa ndalama. Kenako mitanda itatu ikhale iwiri, masamba achuluke, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera pomwe zingatheke, ndipo miyendo igwire ntchito. Amene watsimikizabe za keto, atsike pang'onopang'ono kwa masabata angapo, amwe madzi okwanira, adye masamba obiriwira ambiri, ayambe wakaonana ndi a kuchipatala, ndipo asayambe sabata ya mayeso kapena akupita ku teaching practice. Kuima kutsogolo kwa ana 80 a Fomu 1 kwa mapiriyodi asanu mutu ukuzungulira si kudziletsa ayi, ana aja ndi omwe aluze phunziro.

Ife ophunzira za uphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza mwapadera. Posachedwa tikhala m'masukulu ogonera komweko, ena mwa ife tidzakhala oyang'anira mahositeli a atsikana. Mtsikana wa zaka 14 akukula, wayamba kusamba, ndipo akufunika chakudya cha magulu onse asanu ndi limodzi omwe timawaphunzitsa m'kalasi. Akadzaona madamu akukankha nsima n'kumanena kuti chizungulire ndi chizindikiro chabwino, adzatengera, ndipo adzachita mobisa ndi mopyola. Ambiri mwa omwe asiya nsima semesita ino sanatero chifukwa adokotala anawauza. Anatero chifukwa wina anawaseka pamzere wa chakudya, kapena anawafunsa pagulu kuti siketi yachepa liti. Ena mwa iwo si onenepa n'komwe. A komiti ya zaumoyo atatikonzera tsiku limodzi semesita ino loti anamwino abwere ndi sikelo, tepi yoyezera msinkhu, makina a BP ndi a shuga, aliyense akanadziwa ngati akufunikadi kuchepetsa thupi, ndi makilogalamu angati, asanataye chakudya chomwe makolo ake analipira kale pa fizi.