Matsenga opanda mtengo amasukulutsa nkhani

Mlembi wa nkhani zopeka za m'dziko la matsenga amayesedwa pa tsamba lililonse. Ngwazi yake ikapanikizika pakona, palibe chomuletsa kuipatsa mphamvu yatsopano kuti ipulumuke. Akangochita zimenezo kawiri kapena katatu, owerenga amasiya kuidera nkhawa ngwaziyo, ndipo buku limene silikuchititsanso mtima kugunda limangoikidwa pambali. N'chifukwa chake ndikuti chinthu chofunika kwambiri pa matsenga a m'nthano ndi malire ake komanso mtengo umene munthu amalipira powagwiritsa ntchito.

Taonani buku la Mistborn limene Brandon Sanderson wa ku America anatulutsa mu 2006. M'dziko la bukuli, anthu ena amameza tizidutswa ta zitsulo n'kumaziwotcha m'mimba kuti apeze mphamvu. Chitsulo chilichonse chili ndi ntchito imodzi basi: china chimakankha zitsulo zapafupi, china chimazikoka, china chimalimbitsa thupi, china chimakuza kumva ndi kuona. Chitsulo chikatha m'mimba, mphamvunso yatha. Ndipo kukankhako kuli ndi lamulo lake: ukakankha kobidi, kobidiyo imauluka ngati chipolopolo, koma ukakankha chinthu cholemera kuposa iwe, woulukayo ndiwe. Choncho Vin, mtsikana amene nkhaniyi imatsata, akakhala pankhondo, wowerenga amawerengetsera naye limodzi zitsulo zimene zamutsalira ndi zimene zamuzungulira. Akapambana timavomereza kuti wapambana ndi nzeru zake, chifukwa zida zake zonse tinazionera kale. Sanderson mwiniwake analemba mu 2007 kuti mlembi angathetse mavuto a m'nkhani ndi matsenga molingana ndi mmene wowerenga akuwamvetsera matsengawo.

Pamene malire asowa, ngongole imabwera pambuyo. M'buku lachitatu la Harry Potter, la mu 1999, J. K. Rowling anabweretsa kachipangizo kobweza nthawi m'mbuyo, ndipo kanapulumutsa Sirius Black. Funso linabadwa pomwepo: nanga ena onse amene anafa pambuyo pake, bwanji sanapulumutsidwe ndi kachipangizo komweko? M'buku lachisanu, la mu 2003, zipangizo zotere zimene zinkasungidwa ku unduna wa zamatsenga zinaphwanyika zonse pankhondo. Mlembi anachita kutseka yekha chitseko chimene anatsegula.

Ena amatsutsa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Amati matsenga okhala ndi malamulo ngati masamu a kusukulu salinso matsenga, chifukwa chodabwitsa chimafa chikangofotokozedwa. Amaloza kwa J. R. R. Tolkien, amene mu The Lord of the Rings sanatiuze konse kuti mphamvu za wamatsenga Gandalf zimayambira pati n'kuthera pati, koma bukulo likuwerengedwabe kuyambira 1954. Ndi zoona. Komatu onani amene anagwira ntchito yeniyeni. Mphete imene ili pakati pa nkhani yonseyi sinawonongedwe ndi ndodo ya Gandalf. Anainyamula ndi Frodo, wapansi, ndi njala ndi ludzu, ndipo mpheteyo inkamudya mtima tsiku ndi tsiku mpaka analephera kuiponya yekha m'moto. Tolkien anabisa malamulo a matsenga ake, koma mtengo wake anauika poyera. Ursula K. Le Guin anachitanso chimodzimodzi mu A Wizard of Earthsea, ya mu 1968: kulamula chinthu kumafuna kudziwa dzina lake lenileni, ndipo Ged, ngwazi ya bukuli, atadzionetsera ndi mphamvu zoposa msinkhu wake, anamasula chithunzithunzi chimene chinamusaka kwa zaka. Kufotokoza zonse n'kosakakamiza. Chokakamiza n'chakuti mphamvu ilume mwini wake.

Pamenepa wolemba m'Chichewa sakusowa mphunzitsi wakunja. M'nkhani zimene anthu amakamba za kukhwima, mankhwala sabwera okha. Amafuna chizimba, ndipo amadza ndi choletsa: usacheuke pobwerera, usadye chakutichakuti, usauze munthu. Womvera amadziwa kuti tsiku lina choletsacho chidzaphwanyidwa, ndipo kudikira tsikulo ndi kumene kumamugwira. Inu amene mukulemba dziko lanu la matsenga, musanaipatse ngwazi yanu mphamvu iliyonse, yambani mwalemba chimene mphamvuyo idzailanda, ndipo mutionetse chimenecho m'mitu yoyambirira ya buku.