Kupinda chitsulo pang'ono si kuthawa mlandu

Abale anga a mumsika wa ku Old Town, makamaka inu osula mbaula ndi owotcherera zitsulo ku Malangalanga, sabata ino tcherani khutu.

Bwana wa ku Area 10 akatsika m'galimoto ndi chipangizo chakunja nkunena kuti "mundipangire chonga ichi", ambirife timati tingopinda apa, tifupikitse apo, basi chasanduka chathu. Kodi lamulo limavomereza?

Munthu akatulukira chinthu chatsopano, boma limampatsa chikalata chotchedwa patenti, choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chinthucho kwa zaka zingapo. Kumapeto kwa chikalatacho mwini wake amalemba zenizeni zomwe akuti ndi zake. Mawu amenewo ali ngati malire a munda, ndipo mlandu umagona pomwepo.

Tamvani za ku England. Kampani ya Catnic idali ndi patenti ya chitsulo choika pamwamba pa khomo kapena windo kuti chinyamule njerwa. Idalemba kuti mbali yakumbuyo idzaima chilili. Anzawo a Hill & Smith adapanga chonga chomwecho, koma adapendeketsa mbaliyo ndi madigiri 6 kapena 8, poganiza kuti achenjera. Mu 1980 bwalo la House of Lords lidati aphwanya patentiyo. Woweruza Lord Diplock adafotokoza kuti chikalata chotere amalembera amisiri, choncho tizichimva momwe mmisiri wodziwa ntchito angachimvere. Mmisiri akamva zoti "chilili" sayembekeza kuti mpaka ayeze ndi kampasi. Kupendeka kumeneko sikudasinthe kagwiridwe ka chitsulocho.

Malamulo athu ambiri adachokera komweko, ndiye loya wa ku City Centre atha kukumbutsa woweruza za mlandu umenewu.

Komabe musachite mantha ndi chilichonse chakunja. Patenti ya ku London siluma ku Lilongwe pokhapokha mwini wake atailembetsanso kuno kapena ku ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe Malawi ndi membala. Zaka zake zikatha, aliyense ali ndi ufulu wopanga.

Nanunso mukatulukira chanu, musathamangire kuchiyala pabenchi. Kalembetseni kaye, ndipo mawu ake musankhe mosamala. Mukapanikiza malire, anzanu adzalima m'mphepete inu mukuona.

Choncho oda yaikulu ikabwera, funsani bwanayo ngati chinthucho chili ndi patenti kuno. Katundu akaletsedwa kugulitsidwa, mpamba wolowa m'madzi ndi wanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.