Mantha akakula, amafa ndi wosalakwa

Pa 7 July 2005, zigawenga zinayi zidaphulitsa mabomba m'sitima zitatu zoyenda pansi panthaka komanso m'basi imodzi mumzinda wa London, ndipo anthu 52 adaphedwa. Ambiri adali paulendo wa kuntchito, monga momwe anthu a ku Chinsapo amadzadzira m'maminibasi m'mamawa polowera m'tauni.

Chiwembu china chitalephereka pa 21 July, mantha adakula. Tsiku lotsatira apolisi adaombera ndi kupha Jean Charles de Menezes, mzika ya dziko la Brazil, m'sitima pasiteshoni ya Stockwell pomuganizira kuti ndi chigawenga. Mkuluyu adalibe bomba. Mu 2007 khothi lidalamula nthambi ya polisiyo kulipira chindapusa cha £175,000, koma palibe wapolisi yemwe adazengedwa mlandu wakupha.

Mabomba a m'basi angaoneke ngati nkhani yakutali, koma mantha oterewa Amalawi akuwadziwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa, zomwe kuno kwathu zidayambira ku Mulanje, zidaphetsa anthu ongoganiziridwa.

Chimene zigawenga zimafuna n'choti anthu aziopana. Mlendo akayamba kuweruzidwa potengera nkhope, chikwama kapena chipembedzo chake, ndiye kuti zapambana. Woganiziridwa, kaya wagwidwa ndi apolisi kaya ndi anthu wamba, malo ake n'kukhothi.