Yezani madzi a akasupe otentha

Amene anafikapo pa Mawira ku Nkhotakota kapena ku Chiweta m'boma la Rumphi akudziwa kukoma kwa madzi otuluka pansi ali otentha kale. Amayi amachapa osasonkha moto, abambo amasamba mpaka kuiwala ulendo. Vuto ndi loti ena amaganiza kuti poti madziwo ndi otentha, ndiye kuti ndi abwinonso kumwa.

Madziwa amatentha chifukwa amadutsa m'miyala ya pansi penipeni, ndipo pokwera amasungunula zina za m'miyalamo. Mu 2006 akatswiri a sayansi analengeza kuti mu nthunzi ya akasupe a ku Yellowstone, m'dziko la America, anapezamo arsenic, poizoni amene kale ankamuika m'mankhwala a makoswe. M'mbuyomo, mu 1998, anzawo ena anali atapeza zofanana ndi zomwezi ku British Columbia, m'dziko la Canada.

Kodi chinthu cha m'mwala chingauluke bwanji? Mwa zina, tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'madzi ndi m'matope timalumikiza arsenic ndi carbon komanso hydrogen, ndipo wina amasanduka mpweya. Tizilombo totere timasinthanso mercury, ndipo akatero amaunjikana m'matupi a nsomba. Mercury wa mtundu umenewu ndiye anapha ndi kulumaza anthu ku Minamata, m'dziko la Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956, ngakhale kuti kumeneko ankachokera kufakitale.

Sitikunena kuti anthu aleke kusamba pa Mawira, ayi. Nkhawa yathu yagona pa madzi olowa m'mimba tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Kuno kwathu kafukufuku anaonetsa kale kuti akasupe otentha ambiri ali ndi fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita, womwe ndi mlingo wa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Fluoride wochuluka amathimbiriritsa mano a ana, ndipo akapitirira amaononga mafupa. Kuphitsa madzi kumapha tizilombo, koma sikuchotsa fluoride kapena arsenic.

Choncho tikupempha nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards kuti aziyeza madzi ndi nthunzi ya akasupewa, kuphatikizapo arsenic ndi mercury. Zotsatira zake zisathere m'mabuku a Chingerezi. Zilembedwe pachikwangwani pakasupe pomwepo, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo pamene madzi apezeka osayenera kumwa, khonsolo ikumbe mjigo woyezedwa bwino chapafupi.